Deewaar (1975): mafunso ndi mayankho pa filimu ya wapolisi ndi mkulu wake wozembetsa golide

Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa mobwerezabwereza akaonera filimuyi, kapena akamaisaka kuti aonere. Dziwani kuti mayankho ena akuulula mathero a nkhani.

Kodi Deewaar ndi filimu yotani, ndipo anaipanga ndani?

Ndi filimu ya m'chiyankhulo cha Chihindi imene inatuluka ku India mu Januwale 1975. Dzinali limatanthauza khoma, ndipo khomalo ndi limene laima pakati pa abale awiri a bere limodzi: Vijay, wamkulu, amene akuzembetsa golide mumzinda wa Bombay, ndi Ravi, mng'ono wake, wapolisi amene wapatsidwa ntchito yomugwira.

Anaitsogolera ndi Yash Chopra, mwini ndalama anali Gulshan Rai wa kampani ya Trimurti Films, ndipo nkhani yake analemba Salim Khan ndi Javed Akhtar, amene ankadziwika ndi dzina limodzi lakuti Salim-Javed. Amitabh Bachchan ndiye Vijay, Shashi Kapoor ndiye Ravi, Nirupa Roy ndi mayi awo a Sumitra Devi. Parveen Babi akusewera ngati Anita, bwenzi la Vijay, pomwe Neetu Singh ndi bwenzi la Ravi, mwana wa mkulu wina wa polisi. Nyimbo anakonza R. D. Burman, mawu ake analemba Sahir Ludhianvi. Kutalika kwake ndi pafupifupi maola atatu.

Nkhani yake ikuyamba bwanji?

Ikuyambira kumapeto. Ravi akulandira mendulo ya ukatswiri pantchito ya upolisi, ndipo akuitana amayi ake kuti adzalandire iwo m'malo mwake. Kuchoka apo filimu yonse ikubwerera m'mbuyo.

Bambo a anyamatawa, a Anand Verma, anali mtsogoleri wa bungwe la anthu ogwira ntchito pamgodi wa malasha. Antchito atanyanyala, mwini mgodi anagwira mkazi ndi ana a mtsogoleriyo n'kumuopseza kuti asaine pepala logulitsa zofuna za anzake, apo ayi banja lake liphedwa. Anasaina. Antchito anamumenya, ndipo chifukwa cha manyazi anathawa kwawo n'kumangoyendayenda m'sitima zapamtunda zaka zambiri. Mkwiyo wa anthu unagwera otsala. Ena anagwira Vijay ali mwana n'kumulemba pamkono ndi singano, zolemba zosafufutika, kuti bambo ake ndi wakuba.

Amayi anatenga ana awo n'kupita ku Bombay, mzinda umene kuyambira 1995 ukutchedwa Mumbai. Ankagona pansi pa mlatho. Amayi ankasenza njerwa pamalo omanga nyumba yosanja, Vijay ankapolisha nsapato, ndipo ndalama za awiriwa n'zimene zinalipirira Ravi sukulu. Mfundo yomalizayi muisunge bwino, chifukwa mkangano wonse wa abalewa wakhazikika pamenepa.

N'chifukwa chiyani nkhani ya kusaina ikubwerabwera m'filimuyi?

Chifukwa ndiyo msana wa nkhani yonse. Banja linasweka tsiku limene bambo anasaina. Vijay anasanduka munthu wina tsiku limene anthu analemba pathupi pake. Ndiye Ravi atakhala wapolisi, chinthu choyamba chimene akupempha mkulu wake si kubweza golide ayi, koma kusaina pepala lovomera milandu yake ndi kuulula anzake. Akumufunsa mobwereza pamaso pa amayi ngati asaine kapena ayi.

Vijay sakukana kuti ndi wolakwa. Akuti asaina, koma sakhala woyamba: Ravi apite kaye akasainitse munthu amene anakakamiza bambo awo kusaina, akasainitse amene ananyoza amayi awo pantchito, akasainitse amene analemba pamkono pake. Apa ndi pamene olemba anaonetsa luso lawo, chifukwa wapolisi alibe yankho lokwanira. Anthu onse amene atchulidwawo lamulo silinawakhudze.

Amene akuyankha ndi amayi. Akumuuza Vijay kuti wolemba pamkono uja anali munthu wapadera, wosamudziwa, koma iye, mwana wobala okha, walemba pamphumi pawo kuti mwana wawo ndi wakuba. Akuchoka m'nyumba yapamwamba imene Vijay anawagulira n'kutsatira Ravi, atamuuza kuti sanalemere mpaka pogula mayi ake.

Vijay analowa bwanji m'gulu la zigawenga?

Atakula ankagwira ntchito yonyamula katundu padoko. Tsiku lolandira malipiro, anyamata a bwana wina wa zigawenga dzina lake Samant ankaima pageti n'kumatolera gawo kwa wantchito aliyense, ati ndalama ya chitetezo. Wantchito wina atakana kupereka n'kufa pa mkanganowo, Vijay ananena kuti sabata yotsatira wina adzakananso.

Chotsatira chake ndi gawo limene anthu amalikumbukira kwambiri. Zigawenga zikumusaka doko lonse, koma iye wakhala kale m'nyumba yawo yosungiramo katundu, wavala shati yabuluu yomanga mfundo pamimba, thalauzi la kaki, chingwe paphewa. Akukhoma chitseko ndi loko, akuponyera mtsogoleri wawo Peter kiyi n'kumuuza kuti aisunge, adzaitenga yekha m'thumba mwake akamaliza. Atawamenya onse akutsegula, akudutsa pakati pa antchito anzake amene akumukuwira, osawayang'ana n'komwe, n'kukaika mutu pansi pa mpopi. Sakusangalala, sakumwetulira. Ameneyu si munthu wofuna kutsogolera anzake monga ankachitira bambo ake. Iye anaona kale zimene gulu limachita kwa mtsogoleri wake.

Mbiriyi inafika kwa Daavar, mdani wa Samant, amene anali atataya golide kangapo chifukwa Samant ankamulanda katundu akangofika kugombe. Daavar anamulemba ntchito yoteteza katunduyo. Vijay anagulitsa chinsinsi cha malo ndi nthawi kwa Samant, analandira ndalama zake, kenako anamulandanso golide yemweyo n'kukapereka kwa Daavar. Analemera usiku umodzi, ndipo anapalanso udani umene unadzaphetsa Anita.

Daavar anali atakumanapo naye kale osadziwa. Vijay ali mwana wopolisha nsapato, mnzake wa Daavar anamuponyera ndalama pansi, ndipo mwanayo anakana kutola, nati amupatse m'manja. Patapita zaka, Daavar ataponya mtolo wa ndalama patebulo, Vijay anamukumbutsa kuti mpaka lero satola ndalama zoponyedwa.

N'chifukwa chiyani akuzembetsa golide osati mankhwala osokoneza bongo kapena mfuti?

Chifukwa pa nthawiyo phindu linali pa golide. Mabanja a ku India amagula golide wa ukwati komanso ngati njira yosungira chuma, koma boma linali litatseka njira yoitanitsira golide kuchokera kunja pofuna kusunga ndalama zakunja. Lamulo la mu 1968 lotchedwa Gold Control Act linaletsanso anthu wamba kusunga golide wa zitsulo zosasula, ndipo linaika malire pa amisiri osula zokongoletsera. Ofuna anali ambiri, katundu wochepa, ndiye mtengo wa golide ku Bombay unali wokwera kwambiri kuposa wa kunja.

Ozembetsa ankagula golide kumadera a Gulf, makamaka Dubai, n'kumubweretsa pa zombo zamatabwa zowoloka nyanja ya Arabia, n'kutsitsa usiku m'magombe a kumadzulo kwa India. Ankabweretsanso mawotchi, mawailesi ndi nsalu, zinthu zimene msonkho wake unali wokwera. Malo oopsa kwambiri pa ulendo wonse anali potsitsa katundu ndi kumulowetsa mumzinda, chifukwa ndi pamene apolisi, a kasitomu kapena gulu lina akanatha kumulanda. N'chifukwa chake munthu wodziwa doko, wolimba mtima, anali wofunika kwambiri kwa Daavar. Lamulo la golide lija linathetsedwa mu 1990.

Kodi n'zoona kuti Vijay ndi Haji Mastan?

Pang'ono chabe. Haji Mastan anali munthu weniweni, wochokera ku Tamil Nadu, amene anayamba ngati wonyamula katundu padoko la Bombay n'kudzakhala mmodzi wa ozembetsa katundu otchuka kwambiri mumzindawo. Njira yochoka pa doko kufika pa chuma ndi imene ikufanana. Zina zonse, monga bambo wothawa, zolembedwa pamkono, mng'ono wapolisi ndi imfa ya pakachisi, n'zopeka za olemba. Mastan sanaphedwe ndi wapolisi. Anamwalira mu 1994.

Nambala 786 ya pa baji ya Vijay ikutanthauza chiyani?

Wonyamula katundu aliyense padoko ankavala kachitsulo pamkono kokhala ndi nambala yake, ndipo ka Vijay kanali 786. Asilamu ambiri a ku India ndi Pakistan amalemba nambalayi m'malo mwa mawu otsegulira akuti Bismillah (m'dzina la Mulungu), chifukwa m'kawerengedwe kakale kopatsa chilembo chilichonse cha Chiarabu nambala yake, zilembo za chiganizo chonsecho zimakwana 786. Mkulu wina wachisilamu wa padokopo, Rahim, akumuuza Vijay kuti asataye bajiyo chifukwa ili ndi madalitso.

Vijay ndi wobadwira m'banja lachihindu, ndipo kuyambira ali mwana amakana kulowa m'kachisi. Amayi ndi Ravi akalowa, iye amatsala pamasitepe. Komabe bajiyi akuyenda nayo m'thumba ngakhale atalemera, ndipo ikumupulumutsa ku chipolopolo kawiri. Pomaliza ikumupulumuka m'manja pamene akuthawa, ndipo chipolopolo cha Ravi chikumupeza. Olemba anaika chizindikirochi poyera kuti woonera aliyense, wa chipembedzo chilichonse, achitsate.

Chinamuchititsa Ravi n'chiyani kuti avomere kusaka mkulu wake?

Poyamba anakana. Ravi anali atamaliza maphunziro koma ntchito osaipeza, mpaka bambo a bwenzi lake atamulangiza kuti alowe upolisi. Atabwerera ku Bombay kuchokera ku maphunziro a upolisi, bwana wake anamupatsa faelo ya ozembetsa katundu, ndipo atapezamo dzina la Vijay anapempha kuti ntchitoyo ipatsidwe wina.

Zinasintha atathamangitsa mnyamata wina wakuba n'kumuwombera, kenako n'kupeza kuti chimene anaba ndi buledi basi. Ravi anapita kwawo kwa mnyamatayo atanyamula chakudya. Mayi ake anamulalatira kuti apolisi amalimba mtima pa amphawi okha. Koma bambo ake, mphunzitsi wopuma pantchito amene akuseweredwa ndi A. K. Hangal, anati wapolisiyo sanalakwe: kuba ndi kuba, kaya n'kakang'ono kaya n'kwakukulu, ndipo ngati anjala onse atayamba kuba dziko silingayende. Ravi anatuluka m'nyumbamo akudziwa kuti sangawombere mwana wa mphawi chifukwa cha buledi kwinaku akusiya mbale wake chifukwa ndi mbale. Anapita kukatenga faelo ija.

Gawoli ambiri amalidumpha pofotokoza filimuyi, koma popanda ilo Ravi akanaoneka ngati munthu wosayamika. Mawu a mayi a mnyamata uja nawonso sanayankhidwe ndi aliyense, ndipo filimu ikuwasiya dala choncho.

Mawu akuti "Mere paas maa hai" amene anthu amatchulatchula achokera pati?

Vijay akuitana Ravi kuti akumane pansi pa mlatho womwe ankagona ali ana. Cholinga chake n'kumupempha kuti achoke mu Bombay, popeza anzake a m'gulu akufuna kupha Raviyo. Ravi akukana, akuti mfundo zake sizimulola. Vijay akupsa mtima, akunyoza malipiro ochepa a wapolisi ndi yunifolomu yake, n'kuyamba kuwerenga zimene ali nazo iye: nyumba, chuma, ndalama kubanki, galimoto. Akufunsa kuti nanga iwe uli ndi chiyani? Ravi akuyankha motsitsa mawu kuti ali ndi amayi. Ndilo tanthauzo la mawu anayiwo.

Mphamvu yake ili pa mfundo yakuti zonse zimene Vijay wawerenga anazisonkhanitsa chifukwa cha amayi omwewo. Anagula ngakhale nyumba yosanja imene amayi anasenzera njerwa, pa mtengo wokwera dala, kuti awapatse ngati mphatso. Mawuwa anafala kwambiri moti woimba A. R. Rahman anawatchula polandira mphoto ya Oscar mu 2009.

Filimuyi ikutha bwanji, ndipo amayi anasankha mwana uti?

Bambo a anyamatawa akupezeka atafa m'sitima. Kenako amayi akudwala kwambiri, ndipo Vijay sangathe kukawaona kuchipatala chifukwa apolisi azungulira malowo. Kwa nthawi yoyamba akulowa m'kachisi wa Shiva, osati kukagwada koma kukatsutsana ndi mulunguyo: mkazi amene wakhala akukwera masitepe amenewa moyo wake wonse walakwa chiyani? Pomaliza akupempha kuti amayi ake achire, ndipo akuchiradi.

Anita atamuuza kuti ndi woyembekezera, Vijay akuganiza zosiya zonse, kumukwatira ndi kudzipereka kwa apolisi. Akutumiza uthenga kuti amayi akamudikire kukachisi. Samant akufika msanga n'kupha Anita, Vijay akubwezera pomuponya kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo khomo lobwerera latsekeka.

Amayi akupereka okha mfuti m'manja mwa Ravi n'kumudalitsa kuti dzanja lake lisanjenjemere. Akatero akunyamuka kupita kukachisi kukadikira mwana wawo wamkulu. Ravi akumuwombera Vijay pothamangitsana, Vijay akufika kukachisi ali magazi okhaokha n'kufera pamiyendo pa amayi ake. Choncho yankho ndi lakuti pa chilungamo anaima ndi Ravi, koma chikondi chawo pa Vijay sichinachepe, ndipo filimu sikubisa kuti iye ndiye anali wapamtima.

Ndiye wolondola ndani pakati pa awiriwa?

Lamulo lapambana, ndipo mafilimu a nthawiyo, amene ankayenera kudutsa m'bungwe la boma lounika mafilimu, sakanalola kuti chigawenga chitsale chili moyo ndi chuma chake. Koma ife tikuona kuti amene amati filimuyi ikungophunzitsa kuti umbava sulipira sanaione bwino. Ravi watha kukhala munthu wa mfundo chifukwa wina anasiya sukulu kuti iye aphunzire. Mendulo imene akulandira yachokera pa imfa ya munthu yemweyo. Mwini mgodi uja sanaimepo pakhoti. Vijay ndi wolakwa, wapha ndiponso wazembetsa, koma funso lake lija la kusaina silinapeze woliyankha kupatula amayi ake, ndipo ngakhale iwo anayankha za manyazi a banja, osati za chilungamo cha dziko.

N'chifukwa chiyani Amitabh Bachchan sakuimba nyimbo m'filimuyi?

Anthu ozolowera mafilimu a chimwenye amadabwa nazo. Nyimbo zachikondi zinapatsidwa kwa Shashi Kapoor ndi Neetu Singh, ndipo yodziwika kwambiri ndi "Keh Doon Tumhe" imene anaimba Kishore Kumar ndi Asha Bhosle. Vijay sakanavina m'munda wa maluwa n'kukhalabe munthu amene tinamuona pampopi paja. Kunena zoona, nyimbozi zimachedwetsa nkhani, ndipo ndi gawo lofooka la filimuyi.

Chikondi cha Vijay chikuonetsedwa mwa njira ina. Anita ndi mkazi amene akukumana naye m'bala, amamwa, amasuta, ndipo akukhala ndi Vijay osakwatirana. Mu 1975 zimenezi zinkapatsidwa kwa mkazi woipa wa m'nkhani, osati bwenzi la mwini filimu. Pano filimu sikumuweruza, ndipo ndi yekhayo amene Vijay akumuuza za bala la pamkono pake.

Anthu amati filimuyi inagwirizana ndi nyengo yake. Inali nyengo yotani?

Zaka za 1973 ndi 1974 zinali zowawa ku India: mitengo ya zinthu inakwera kwambiri, achinyamata ophunzira ankasowa ntchito, ndipo mu Meyi 1974 ogwira ntchito za njanji ananyanyala m'dziko lonse motsogoleredwa ndi George Fernandes, boma n'kumanga anthu zikwizikwi. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lotsekera ozembetsa katundu popanda kuwazenga mlandu. Patangotha miyezi isanu Deewaar itatuluka, pa 25 Juni 1975, boma la Indira Gandhi linalengeza ulamuliro wa nthawi ya ngozi. Oonera ankawadziwa bwino mtsogoleri wa antchito wogonjetsedwa, wophunzira wosowa ntchito ndi wozembetsa wolemera.

Bachchan anali atayamba kale kusewera munthu wokwiya mu Zanjeer ya 1973, yolembedwanso ndi Salim-Javed, momwe anali wapolisi dzina lake Vijay. Deewaar inatenga mkwiyo womwewo n'kuuika tsidya lina la lamulo. Filimu yake ina, Sholay, inatsatira mu Ogasiti 1975, ndipo chakacho chinamukhazika pamwamba pa onse.

Kodi nkhani ya abale awiriwa inali yatsopano?

Ayi. Mu Gunga Jumna ya 1961, Dilip Kumar ndi mkulu amene wasanduka chigawenga kumudzi pomwe mng'ono wake amene anamuphunzitsa wakhala wapolisi. Mu Mother India ya 1957 mayi akupha mwana wake wopanduka. Chimene Salim-Javed anachita ndi kuchotsa nkhaniyi kumudzi n'kuiika padoko ndi m'misewu ya mzinda.

Nayonso inabala zina. Inapangidwanso m'Chitelugu ngati Magaadu mu 1976 ndi N. T. Rama Rao, m'Chitamil ngati Thee mu 1981 ndi Rajinikanth, ndipo kampani ya Shaw Brothers ya ku Hong Kong inatulutsa The Brothers mu 1979 potengera nkhani yomweyi.

Inapata mphoto zanji?

Pa mphoto za mafilimu a ku India za Filmfare za 1976 inatenga zisanu ndi ziwiri, kuphatikizapo ya filimu yabwino koposa, ya wotsogolera, ya Shashi Kapoor ngati wosewera wothandizira, ndi zitatu za olemba. Bachchan sanapambane, mphoto ya wosewera wamkulu inapita kwa Sanjeev Kumar chifukwa cha filimu ya Aandhi.

Kodi Shashi Kapoor analidi wamng'ono kwa Bachchan?

Ayi. Kapoor anabadwa mu 1938, Bachchan mu 1942. Nirupa Roy, mayi awo m'filimu, anabadwa mu 1931, kusiyana ndi mwana wawo wamng'onoyo zaka 7 zokha.

Ndikufuna kuionera. Ndisamale ndi chiyani?

Choyamba, dzina. Pali filimu ina ya 2004 yotchedwanso Deewaar, ndipo Amitabh Bachchan alimonso, koma imeneyo ndi ya asilikali a India ogwidwa ukapolo ku Pakistan. Posaka lembani chaka cha 1975 kapena dzina la Yash Chopra, ndipo yesaninso kalembedwe kakuti Deewar, ka "a" mmodzi kumapeto, chifukwa onse awiri amagwiritsidwa ntchito.

Chachiwiri, kutalika. Ngati imene mwapeza ikungopitirira pang'ono maola awiri, ndiye kuti inadulidwa. Kudula nyimbo sikuononga kwenikweni, koma ngati mulibe gawo la mwana wopolisha nsapato kapena la mnyamata wa buledi, zochita za abale onse awiri sizimveka chifukwa chake.

Chachitatu, mawu omasulira a pansi pa chithunzi. Filimuyi yagona pa zolankhula kuposa pa ndewu, choncho musanayambe thamangitsani mpaka pa gawo la mlatho muone ngati mawuwo akutuluka nthawi imodzi ndi pakamwa pa olankhula. Ngati akutsogola kapena kutsalira, pulogalamu yoonerera mafilimu ya VLC imalola kuwasuntha: pa kompyuta dinani G kapena H mpaka agwirizane. Zikamasiyana mochulukirachulukira filimu ikamapita, ndiye kuti mawuwo anakonzedwera kope lina la utali wosiyana, ndipo kusuntha sikungathandize. Pezani faelo ina yogwirizana ndi kope lanulo.